Mabatire khumi ndi awiri pa wailesi ya a Namakhwa

Mpaka lero ndikamva fungo la waya wopserera, mtima umandigunda ngati ndaba. Mlanduwo ndimauvomera, komatu anthu enanso ndi okakamiza.

Ndinali mphunzitsi wa Sitandade 8 pasukulu ina kufupi ndi doko la Kachulu, masiku a chipani chimodzi aja. Ndinkaphunzitsa za magetsi kudera kumene magetsiwo tinkangowaona tikapita ku Zomba. Chaka chonse ndinkajambula batire, waya ndi babu pabolodi, ana n'kumakopera (ineyo ndinali ndisanalumikizepo waya ndi mmodzi yemwe, koma pabolodi zonse zinkayaka bwinobwino).

Tsiku lowerenga pawailesi mayina a ana osankhidwa kupita ku sekondale, mudzi wonse unasonkhana pakhonde la a Namakhwa, mlimi wa mpunga, poti wailesi inali yawo yokhayo. Mwana wawo Estere ndiye ankatsogola m'kalasi mwanga, ndipo bambowo sanapite kumunda tsiku limenelo. Chonyansa n'choti mayinawo ankawerenga boma ndi boma, Zomba n'kukhala kumchira. Tinamvera ana a eni ake mpaka misana kuwawa. Pofika ku Thyolo, wailesi inayamba kunong'ona.

"Mabatire atha," anatero a Namakhwa. "Dzulo ndinawayanika padzuwa tsiku lonse, koma aa! Aphunzitsi, si inu mumaphunzitsa zimenezi? Tatithandizani."

Ndikanangonena kuti sindidziwa, bwenzi nditagona tulo tabwino. Koma makolo onse anali atanditong'olera maso, ndiye ndinaimirira n'kupinda malaya.

Ndinalamula kuti aliyense wokhala ndi tochi akatenge. Asodzi anathamanga, n'kubwera ndi mabatire, ena atsopano, ena otupa. Ndinaikamo anayi monga wailesiyo inkafunira. Inayankhula, koma mwaulesi, ndipo akumbuyo anayamba kulongolola kuti sakumva. Apa m'pamene ndikanalekera! Koma ndinakumbukira phunziro langa lomwe: mabatire ukawandandalika, mutu wa lina kukhudza kumbuyo kwa linzake, mphamvu zawo zimaphatikizana.

"Bweretsani onse," ndinatero.

Ndinandandalika khumi ndi awiri, n'kuwakulunga m'nyuzi yakale (nditaitembenuza kawiri kuona ngati mulibe chithunzi cha Mtsogoleri, poti a tcheyamani a chipani anali pomwepo), n'kumanga ndi mphira ya chubu. Waya tinachotsa ku nyale ya njinga. Ndinayambanso kuphunzitsa, inetu, kuti magetsi amayenda mozungulira, kuchoka ku batire, kulowa m'wailesi n'kubwerera, ndipo njirayo ikaduka penapake zonse zimaima.

"Aphunzitsi," ananong'ona Estere, "paja munati chinthu chilichonse chili ndi muyeso wake wa mphamvu. Sichuluka imeneyo?"

"Estere, mayeso anatha. Gwira waya apa."

Wailesi inabangula mpaka nkhuku kubalalika. "Tsopano boma la Zomba!" Amayi anaimba nthungululu, a Namakhwa anandigwira chanza ndi manja awiri, ine n'kumwetulira ngati ndine ndinapanga magetsi. Anawerenga mayina atatu. Kenako thi! Kautsi kanatuluka kumbuyo, wailesi n'kuti zii.

Ndinaigwedeza. Ndinaiuzira. Ndinabwezeramo mabatire anayi aja, osatheka.

"Yangotopa, ipume kaye," ndinanama.

"Yotopa imanunkha chonchi?" anafunsa a tcheyamani.

Kunena zoona ndinapsa mtima. Amene ankakuwa kuti sakumva aja ndi omwe tsopano ankati iwo anadziwiratu. Msodzi wina anayamba kufuna mabatire ake, ati asankha yekha poti ake anali atsopano. Estere sanalire, anangokhala atagwirabe waya uja, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa zonse.

M'mawa mwake mayi wina wogula matemba anatulukira kuchokera kudoko akuvina. Mayiwo anali atamvera wailesi ya pagolosale kudokoko. "Estere Namakhwa! Amutchula, ndamva ndi makutu angawa! Ngakhale a kuchilumba cha Chisi amva!"

Ndinathamangira kwa a Namakhwa ndili ndi chimwemwe, poganiza kuti mlandu watha. Ndinalonjeza kuti wailesi ndikakonzetsa ku Zomba, ndipo ndinakonzetsadi. Iwo anandipatsa mpando mwaulemu.

"Wailesi si kanthu, aphunzitsi," anatero. "Koma dzina langa latchulidwa pawailesi kamodzi kokha chibadwire. Dziko lonse lamva, kupatula ine."

Ndinaphunzitsabe za magetsi zaka zambiri pambuyo pake. Tikafika pa phunziro la mabatire ondandalika, ndinkauza ana kuti muyeso ndi muyeso, ndipo wina akati ndiwaonetse, ndinkatola choko.