Denga langa silioneka pa chithunzi

Lolemba

Denga latha! Malata atsopano, a m'sitolo, osati otola. Ndaima panja ndikungoliyang'ana mpaka maso akuwawa.

Amake Taonga ali ku Katete kwa amayi awo chichokereni dzinja lathali, pamene denga lakale linkatidonthera pabedi mwana n'kudwala chifuwa. Mawu awo sanasinthe: akaona denga pa chithunzi, akwera basi. Mvula ikawapeza kumudzi alima, ndipo ine ndidzawaona pokolola. Novembala ndi uyu.

Zochita sabata ino:
kujambula denga
kutumiza
kuchapa makatani
kuphunzira kuyenda ngati munthu wa malata atsopano

Kuno ku Kanyama nyumba n'zothinana, ndiye denga langa limaoneka pokhapokha ukakwera pa mpanda wa aneba anga, mayi amene timawatcha bana Chanda. Ndikukwera dzuwa lili paliwombo, poti tonse tinakula tikudziwa kuti chithunzi chimafuna dzuwa. Pa foni sindikuona kanthu ndi kuwala, koma ndadina, ndatumiza.

Yankho: "Makoma ndawaona. Denga lili kuti?"

Ndalowa m'nyumba kukaona bwino. Mayo ine. Chitseko chilipo, papaya wa amake Taonga uja alipo, koma pamwamba pangoti mbee, malata ndi thambo zasanduka chinthu chimodzi. Kuyerako kwadya ngakhale mzere wapamwamba wa mabuloko. Nyumba ikuoneka yosatha kuposa mmene anaisiyira.

Lachiwiri

Ndapukuta kamera ndi malaya. Mbee. Ndapukuta ndi malovu. Mbee yemweyo, koma wonyowa.

Nzeru zina: kujambula ndili m'kati. Malata akuoneka, eya, mizere yake yonse. Koma pakati pa khoma ndi malata pali kampata komwe sindinamate, kongolowa chala. Pa chithunzi kampatako katupa, kuwala kwatayikira pansi mpaka pa kabati, ngati khoma lagumuka theka.

Ndatumizabe. Sindikudziwa chimene chandilowa.

Apongozi alankhula kudzera mwa mwana wawo. Akuti bowo limenelo mbuzi ikhoza kulowerapo itaimirira. Akutinso malata a m'kati amafanana onse, akhoza kukhala a kutchalitchi. Akufuna denga, chitseko ndi papaya pa chithunzi chimodzi.

Amake Taonga awonjezera zawo: "Atate ake Taonga, nyumba safolera ndi pakamwa."

Zandipweteka. Denga lili pamutu pangapa, likulira ndi kutentha, ine ndikutchedwa wabodza.

Makatani sindinachape.

Lachitatu

Kumsika, kwa ba Chileshe okonza mafoni. Ndikuwauza kuti kamera yafa, aisinthe. Ajambula nkhope yanga, yatuluka yonse ndi thukuta lomwe. Akuti foni ilibe mlandu.

Mmene akufotokozera: m'kati mwa kamera muli timakapu tambirimbiri tosaoneka ndi maso, kalikonse kamatunga kuwala kwake. Malata atsopano pa dzuwa amathira kuwala kochuluka, kakapu kamadzaza n'kusefukira m'tinzake, tinzakenso n'kusefukira kwina, mpaka dera lonselo layera. Akuti pamene payera palibenso chobweza, zonse zamira.

"Ni monga manzi ya mu Kanyama," akutero. "Pakazula pa neba, yangena kwanu."

Madzi akadzaza kwa aneba, amalowa kwako: zimenezo ndazimva bwino kwambiri.

Mankhwala ake: kujambula kuli mitambo, kapena m'mamawa dzuwa lisanatuluke. Mitambo ndiyo sindikuifuna, imabwera ndi mvula. Ndasankha m'mamawa.

Anthu odikira pa benchi pamenepo apempha kuona chithunzi cha Lolemba. Chayenda m'manja monse. Bambo wina wafunsa ngati ndikusonkhetsa thandizo la malata.

Lachinayi

Tsiku ili ndikanakonda kulidumpha.

Mbandakucha. Ndili pa mpanda, foni m'manja, denga likuoneka lokongola, lotuwa, mzere uliwonse. Ndikungosuntha phazi kuti papaya alowe.

Chimene ndaiwala: kuseri kwa mpandawo kuli bafa ya bana Chanda. Ilibe denga. Masana mumakhala mulibe munthu. M'mamawa mumakhala muli bana Chanda.

Kukuwa kwake sindikulemba. Chidebe cha madzi a sopo chandipeza kumaso, ine phi! m'ngalande. Anthu atuluka ndi miswachi kukamwa, mmodzi n'kufuula:

"Ba neba, mwayamba kukopa banthu bosamba?"

Ndikulumbira kuti ndimajambula denga langa, osati anthu osamba. Bashi Chanda, amuna awo, alanda foni kuti aone okha. Akutsegula zithunzi chimodzichimodzi pamaso pa gulu: choyera, choyera, choyera, choyera. Afunsa kuti denga lake ndi liti pamenepa. Ndaloza denga lenilenilo ndi chala. Onse atembenuka, aliona, agwedeza mitu, koma palibe amene wamvetsa chifukwa chimene munthu wamkulu angajambulire kuyera sabata yonse.

Chigamulo: ndikapezekanso pa mpanda, nkhani ipita kwa apolisi. Chithunzi cha lero sindinadine n'komwe.

Ndakhala m'nyumba tsiku lonse. Ngakhale kukagula makala ndachita manyazi, ndadya buledi ndi madzi.

Lachisanu

Ndadzuka ndi nzeru. Ngati vuto ndi kunyezimira, tichotse kunyezimirako!

Zofunika:
dothi la kuseri
phulusa
madzi
tsache la amake Taonga (asadziwe)

Ndakwera padenga, ndapaka mbali yonse yoyang'ana kumpanda. Amayi odutsa ndi zigubu aima. Wina akuti ndi mankhwala oletsa mfiti kutera. Wina akuti ayi, ndi bambo uja wa dzulo, musamuyang'ane.

Masana bana Chanda apita kumsika, amuna awo ali kuntchito. Ndakwera mpanda ngati wakuba. Ndadina kamodzi, ndatsika.

Chithunzi chake! Denga, chitseko, papaya, thambo la buluu pamwamba. Chilichonse pamalo pake. Ndatumiza ndikuimba nyimbo, ndayika makatani m'madzi.

Yankho lachedwa. Lafika chakumadzulo.

"Tawaona. Amayi akufunsa kuti malata adzimbiri amenewa mwawatola kuti. Aja akale anali abwinoko."

Ndayamba kulemba kuti si dzimbiri, ndi matope, ndapaka ndekha. Ndawerenga. Ndafufuta. Palibe njira yolembera zimenezi kwa apongozi n'kukhalabe mkamwini. Paja ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo.

Loweruka

Kutsuka denga.

Matope osakaniza ndi phulusa akauma pa lata lotentha amagwira kuposa simenti. Izi palibe anandiuza. Madzi ndikutunga kumpopi wa kumsewu, kukwera nawo pa makwerero obwereka, kuthira, kukwecha, kutsika. Pamzere wa madzi amayi akundipatsa mpata waukulu zedi, kutsogolo ndi kumbuyo.

Bana Chanda ayala thumba pamwamba pa bafa yawo. Akulimanga akundiyang'ana.

Chakumasana phazi laterereka, ndaponda pakati pa mitengo pomwe palibe chogwira. Lata lalira kuti phwa, lalowa m'kati. Ndalikankha kuchokera pansi ndi mpini, labwerera, koma osati lonse. Msomali umodzi wadzuka. Ndaukhoma, walowa mosavuta kwambiri, zomwe sizinandisangalatse.

Denga layeranso. Likunyezimira kuposa Lolemba, poti tsopano ndi lokwecha. Ndayesa kujambula ndili padenga pomwepo: mapazi anga awiri ataima pa kuyera, ngati ndamwalira.

Makatani ndawaiwala m'madzi. Ayamba kununkha.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Ulaliki ndi wa Davide ali padenga, kuona mkazi akusamba. Mwina zangochitika. Khosi la bana Chanda latembenuka kawiri.

Potuluka, mitambo. Yakuda, yodzaza thambo lonse. Denga langa lili phee, lotuwa bwino, mwana akhoza kulijambula. Ndathamanga. Bashi Chanda akhala pa mpando m'munsi mwa mpanda, wailesi pamwendo, sakupita kulikonse. Ndawapatsa moni. Ayankha mpanda, osati ine.

Ndikadali chiimire, dontho loyamba lagwa pamphuno.

Mvula yeniyeni. Ndalowa m'nyumba, malata akulira mokoma, mwamphamvu, kulira kwa malata atsopano. Ndaganiza kuti chimene maso akana, makutu avomera. Ndatsegula foni, ndajambula mawu, ndakweza dzanja m'mwamba kuti amve bwino. Ndatumiza.

Pamene ndinaponda dzulo pakudontha. Pang'ono pokha, pamwamba pa bedi. Ndinali nditayikapo kale beseni, ndipo ndimayesa kuti m'phokoso lonselo silimveka.

Yankho lafika mvula isanakate. Ndi mawu, osati zolemba. Kumbuyo kwawo kukumveka mvula inanso, ya ku Katete, ndi Taonga akuseka.

"Malata ndawamva, atate ake Taonga, ndi atsopanodi, pepani. Beseni langa ndalimvanso. Kuno yagwa, mawa tibzala. Musunthe bedi."

Ndasuntha bedi.