Mzere Womaliza m'Kope la Esinati

Lolemba

Achimwene alamula: katundu wa Esinati agawidwa Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Lero ndi tsiku la 41 chimuikireni m'manda. Ndawerenga kale: madiresi 9, nsapato mapeya 4, ketulo, kompyuta. Kompyuta ikupita kwa Gireshi, mwana wa achimwenewo, amene amalemba makalata a mpingo ku Khonjeni.

Pansi pa kiyibodi ndapeza kope lake. Mwana wanga ankakonza makompyuta a ku ofesi ya esiteti, koma iyi ndi yakeyake, anailumikiza yekha. Masamba 17 onse ndi nkhani ya ramu, timapale tiwiri tobiriwira tomwe kompyuta imaikamo ntchito imene ikugwira. Ankatikakamiza kuthamanga kuposa liwiro lobwera nalo. 2133, 2666, 3200, 3466, mzere uliwonse anauchonga. Womaliza: "3600, ndiyesa ndikachira." Wosachonga.

Ndinaphunzitsa masamu zaka 34, sindinalolepo samu kutsala pakati. Ndatsala ndi masiku 6.

Malamulo:
1. Kusintha nambala imodzi yokha pa tsiku.
2. Pulogalamu yoyesera, ya pa fulashi yake, izungulire kanayi popanda cholakwika.
3. Osalirira pa kiyibodi.

Lachiwiri

Chiperoni kunja, minda ya tiyi sikuoneka. Kope likuti ramu imakonda kuzizira, ndiye ndatsegula mazenera onse atatu. Ndavala majuzi awiri.

Ndalemba 3600. Yayaka! Mphindi 52 zonse bwinobwino. Ya 53, mzere wofiira. Pofika masana zolakwika 311.

Tsamba 6: "Zikafiira, onjezera mavoti pang'ono." Mavoti ndi mphamvu ya magetsi yolowa mu ramu, ndamva. Koma pang'ono ndi angati, Esinati? Sitandade 5 ndinakukwapulira zomwezi, yankho lopanda nambala.

Lachitatu

Mavoti kuchoka pa 1.35 kufika pa 1.36. Kuzungulira koyamba, koyera. Kwachiwiri, koyera. Kwachitatu, koyera. Ndatenga cholembera chofiira, ndachichotsa chivindikiro.

Kwachinayi kutatsala pang'ono kutha, magetsi azima.

Ndakhala pakhonde. Othyola tiyi pa mtunda wa kutsidya: 23. Madengu 23. Mmodzi wakhala pansi kawiri kapitawo atapenya kumbali. Magetsi abwera patatha maola 5, mutu ukundiwawa. Katatu ndi kachidutswa si kanayi. Ndabwezera chivindikiro.

Lachinayi

Ndayambanso nambala zomwezija m'mawa. Itangoyamba kuzungulira, amayi a mvano afika kudzandipepesa. Anthu 14, makapu 11. Tayala mphasa pakhonde.

A Namakhwa, a nyumba yoyandikana, alowa kukatenga shuga. Achedwako. Potuluka akundinong'oneza: "Aphunzitsi, katundu wa malemu sakhala poyera chonchija asanagawidwe. Ndakufunditsirani." Sindinamvetse, wapampando anali atayamba pemphero.

Nyimbo 5, mapemphero 3, ulaliki umodzi wa mphindi 40.

Atapita ndapeza kompyuta ili mkati mwa zitenje ziwiri ndi bulangete, fani ikulira ngati mwana wotsekeredwa. Chitsulo chosagwirika. Zolakwika 2,870. Ndapita kukabweza zitenje. Ndawathokoza. Anachita ndi mtima wabwino, ndipo anapinda makona onse anayi bwino kwambiri.

Lamulo lachitatu ndaliphwanya.

Lachisanu

Dzuwa latuluka, m'nyumba mukutentha. Masiku atsala awiri. Ndasintha nambala zitatu nthawi imodzi. Ine, amene ndinalemba lamulo loyamba ndi dzanja langa!

Sikirini bii. Fani ikuzungulira, koma palibe chotuluka. Ndadina batani maulendo 19.

Tsamba 4: "Ikakana kuyaka, chotsa kabatire kozungulira ka mkati, dikira mphindi 5." M'munsi mwake, atadula mzere kawiri: "Zonse zimene unaika zimafufutika."

Lero sindichotsa.

Loweruka

Ndachotsa ndi nsonga ya mpeni. Mphindi 5 ndendende.

Yayaka. Pa sikirini: 2133. Nambala zonse zomwe Esinati anaika ndi zala zake zapita, ndi za mzere wa 3466 zomwe, zimene anazivutikira masamba 9.

Ndati palibe kanthu, ndizikopera m'kope. Mzere wa 3466 umafuna nambala 6. Analemba 5. Pa yachisanu ndi chimodzi analemba kuti "ngati kale." Kale liti? M'kope monse "ngati kale" alimo maulendo 12, nambala yake mulibe.

Ndayesa nambala 7 zongoganizira. Zonse zafiira.

Ndaimbira foni a Makawa, ogwira naye ntchito ku ofesi. Akuti: "Amayi, zimenezo ankazidziwa ndi Esinati yekha. Ife ikavuta timangozimitsa n'kuyatsanso. Pepanitu."

3600 sindikuifunanso. Ndikufuna yake ija.

Lamulungu

Ku tchalitchi sindinapite, koyamba chaka chino. Ndaisiya pa 2133, yazungulira kanayi, cholakwika palibe n'chimodzi chomwe. Mwana wa eni asalandire chinthu chozima pakati pa kalata.

Abale 22. Kugawa kwatenga mphindi 47, mwa izo 30 ndi za ketulo.

Gireshi wayatsa kompyuta pamaso pa onse, wadinadina, misozi ili m'maso. "Azakhali, ikuthamangatu iyi. Ya ku mpingo mumatha kuwiritsa tiyi isanayake. Apa ndiye ndikuona dzanja la achemwali."

Achimwene andiyang'ana kuti ndiyankhepo, poti ndine ndakhala nayo sabata yonse.

Ndati inde, ndi dzanja lake.