Mlangizi wa Mazira ndi Thadzi Lomaliza

M'chaka chimene dziko lina linatsitsa mbendera ya atsamunda n'kukweza yakeyake, mudzi wina wa kuseri kwa phiri unalandira mphatso yake ya ufulu. Midzi ina inalandira mijigo, ina milatho. Mudzi uwu unalandira mzungu.

Anali mnyamata woonda ngati bango, dzina lake Lundgren, koma poopa kuluma malilime anthu anamutcha aLunguleni. Bungwe la kwawo linamutuma kudzaphunzitsa amayi chinthu chimodzi: mwana azidya dzira. Anabwera ndi njinga, sikelo yopachika mumtengo, ndi chithunzi chachikulu cha dzira, kuchitira kuti mwina amayiwo sanalionepo.

Asanakwere ndege, akuluakulu ake anamulangiza kuti kumudzi kukana chakudya n'kutukwana. Nawo amudzi anasankha aMatewere kukhala Wapampando Wamkulu wa Komiti Yolandira Alendo Olemekezeka m'Dziko Lomasuka, ndipo aMatewere anakumbutsa anthu kuti mlendo sadyera nkhwani, amamuphera nkhuku.

Ntchito inayamba. ALunguleni akafika pakhomo ankatambasula chithunzi n'kumafotokoza ubwino wa dzira, uku kuseri kwa nyumba ana akuthamangitsa woikira dziralo. Phunziro likamatha, nkhuku inkakhala itapsa. Mlendo ankadya akumwetulira, misozi ili lengelenge, ndipo aMatewere, amene sankamusiya yekha poopa kuti angasochere, ankamuthandiza nthutumba ndi ntchafu. Matambala anatha, anthu n'kumadzuka dzuwa litakwera. Misoti inatsatira. Pasikelo ana ankapepukirapepukira, pamene aLunguleni anaboola lamba malo atsopano, nayo njinga inayamba kulira akaikhalira.

M'mudzi monse munatsala thadzi limodzi, lamawanga, la Nankhoma. Linkaikira m'dengu kuchipinda, ndipo dzira lake linkalowa m'phala la Tinenenji, mwana wake yekhayo, amene anali atangodzuka ku chikuku. Atamva kuti mawa aulemu afika pakhomo pake, Nankhoma anafunafuna chitenje cholimba. M'mawa anaveka thadzilo kachipewa ka mwana, n'kulibereka kumbuyo, n'kumanga chitenje zolimba. Tinenenji anamukhazika pamiyendo.

AMatewere atafika anasuzumira m'khola, pansi pa nkhokwe, mpaka kubafa. Nankhoma anawauza mwaulemu kuti nkhuku inapita ndi mphamba dzulo, pepani kwambiri. Amayi oyandikana nawo, amene anabwera kudzamvera phunziro, anapepesa nawo akudziluma milomo.

ALunguleni ali mkati molongosola za chachikasu cha m'kati mwa dzira, msana wa Nankhoma unati kokoko.

"Wachiwiriyu munabereka liti, mayi?" anafunsa aMatewere.

"Ndi wa achemwali, bambo. Ali ndi chifuwa."

Kumva za chifuwa, aLunguleni anadzambatuka kuti amuone wodwalayo. Anavundukula kachipewa, anakumana ndi mlomo wosongoka ndi diso lozungulira. Anayang'anizana. Kenaka anabwezera kachipewako bwinobwino, n'kunong'ona m'Chichewa chake chotsimphina.

"Mayi, mwana uyu musapereke. Kwathu ine nyama sindidya. Ndikagona ndimalota nthenga."

Koma aMatewere anali ataona kale mchira ukutuluka m'chitenje, ndipo anali kunola mpeni pamwala wa pakhonde, akuimba ndi mluzu nyimbo ya ufulu. Nankhoma anayang'ana mpeni, anayang'ana Tinenenji, anayang'ana khasu limene linatsamira pankhokwe. Analitenga, anagwada, n'kulipereka kwa aLunguleni ndi manja awiri, akulozera kamunda ka kuseri.

Mzunguyo analima ngati wagwidwa mizimu. Anagalauza mizere, anadula maungu osalakwa, anatsala pang'ono kudzitema chala. Amayi analulutira, n'kuuza aMatewere kuti munthu amene walima pakhomo si mlendonso, ndi mwana wa pamudzi, ndipo mwana wa pamudzi amadya zimene zilipo. AMatewere anafufuza m'mutu mwao lamulo lotsutsa zimenezi, sanalipeze. Tsiku limenelo aLunguleni anadya nkhwani wotendera mpaka kunyambita mbale, amayi anavina mozungulira khasu, ndipo thadzi, litamasulidwa, linadzikung'untha n'kukaikira dzira m'chipewa cha Wapampando.

Zinthu zinayamba kuyenda. Thadzi linafungatira, Tinenenji anayamba kulemera pasikelo, aLunguleni anabwerera pa bowo lakale la lamba. Mbiri inafika ku likulu kuti kuli mudzi umene chitukuko cha mazira chagwira, ndipo Olemekezeka Nduna ya Mazira ndi Zina Zonse Zozungulira ananyamuka ndi mdipiti wa magalimoto kuti akaone okha.

Nankhoma sanachite mantha, mankhwala a alendo anali atawadziwa. Nduna itangotsika, iye anagwada n'kuipatsa khasu ndi manja awiri. Olemekezekawo anasangalala zedi. Anapinda malaya, anadikira kuti wojambula akonzeke, anatema pansi kamodzi, anthu n'kuomba m'manja. Kenaka analengeza kuti iwo si mlendo, ndi mwana wa mudzi uno, choncho asawaphere kanthu. Mitima ya amayi inakhala pansi.

Anaonjeza kuti khasu la mbiri chotere ndi thadzi la mbiri chotere ndi chuma cha fuko lonse, sizingasungidwe m'nyumba yaudzu. Asilikali anaziika m'galimoto, pamodzi ndi dengu la mazira lija.

Nduna sinamusiye Nankhoma chimanjamanja. Pamaso pa anthu onse inatenga kwa aLunguleni chithunzi chachikulu cha dzira, inamupatsa, n'kumulangiza kuti azimudyetsa mwana tsiku lililonse.