Thumba Losasankha la Kusikelo

Usiku watha ndinalota zosautsa, asisi, ndipo wolakwa ndi mlamu wanga Ndaziona. Dzulo lonse ine ndikuchapa matewera, iye akundilongosolera za kompyuta zake: ati amapanga thumba limodzi lolandira chinthu cha mtundu uliwonse, bola chikwanitse lamulo limene walemba pakamwa pa thumbalo. Ine thumba losasankha sindilikhulupirira.

Ndiye m'malotomo ndapezeka kusikelo, mwana wanga Lonjezo ali kumsana. Pamzere amayi abereka maungu, wina batire ya galimoto, wina mbuzi. Ndikawafunsa, onse akuyang'ana kumbali.

Thumba loyezera ana lija linayasamula pamtengo. "Bwerani naye, mayi. Lamulo langa ndi limodzi: chilichonse cholemera."

"Ndiwe la ana kapena la katundu?"

"La onse. Ndine wamtima wabwino."

"Akuba amatero," ndinayankha, koma bambo wa zaumoyo anali atanditsomphola kale mwana, ponyu m'thumba. Mwadzidzidzi malaya ake oyera afota mpaka kutsala pakhosi pokha, mlomo watalika, wasanduka khwangwala. Ndiye wapisa phiko, watulutsa dzungu, wandipatsa.

"Mwana wanga ali kuti?"

"Munabwera ndi cholemera, mwalandira cholemera. Sikelo yavomereza."

Dzungu nalo, "Amama, ndiyamwe."

"Amako ali kudimba!"

Ndiye ndaona Ndaziona patsinde pa mtengo, zala zili gogogo pakompyuta. "Alamu, musapse mtima. Mukufuna tisoke la mbuzi palokha, la maungu palokha, la ana palokha?"

"Usasoke. Mangitsa lamulolo basi. Lemba kuti cholemera, chodziwa fungo langa, cha mano awiri."

Analemba. Mwadzidzidzi kumwamba kwadzaza mizere yofiira, thumba layamba kusanza: batire, mbuzi, maungu kugubuduzika, khwangwala akukuwa kuti ndawononga pulogalamu. M'katimo mwatsala kanthu kamodzi kakuphiriphitha. Ndapisa mkono, thumba landinong'oneza, "Lamulo mwalemba nokha, mayi. Mano akapezeka atatu, si wanu. Apita ndi maungu."

Ndapapasa mumdimamo, ndapeza kakamwa, ndalowetsa chala kuti ndiwerenge.

Ndiye kwengwere! Ndowa ya aneba yagwa pampopi. Ndadzidzimuka kutacha, Lonjezo ali pambali panga, chala changa chili m'kamwa mwake.

Anandiluma ndi atatu.