Ndinatsatsa Mchere kwa Nsomba

Mpaka lero ndikatsikira ku doko la pa Boma sipalephera munthu wofuula kuti, "Aphunzitsi a nsomba afika!" Ndimangomwetulira, chifukwa sindinadziwebe ngati akundinyoza kapena akundipatsa ulemu.

Zinachitika m'ma 1990, nditangochoka ku Katondwe kudzakhala ndi amalume. Sukulu ndinalekera Giredi 7, koma dzanja langa linali labwino. Aphunzitsi akatopa ndine ndinkalemba pa bolodi. Tsiku lina kunabwera a Lungu, munthu wa ku Lusaka wovala tayi pa kutentha konse kwa kuno ku Feira. Ankagwira ntchito ku kampani yatsopano ya mchere wotchedwa Mvuu, ndipo ankafuna wolemba dzinalo pa maboti atatu a a Zuze, msodzi wamkulu wa padokopo. Amalume anandikankhira kutsogolo.

"Tamvera, mufana," anatero a Lungu. "Mchere wonse ndi woyera. Mayi wofuna kuthira nsomba zake amatchula dzina limene maso ake analizolowera. Kampani yosaoneka ndi yakufa. Lachisanu kukubwera amai Daka, amene anaika ndalama zawo m'kampani yathu. Akaona dzina likuyandama pa Zambezi awonjezera zina, ndipo iwe tikulemba ntchito yolemba m'masitolo. Zilembo zikule, a tsidya ku Zumbo aziwerenga ali pakhomo pawo. Wamva?"

Ndinayankha kuti "Inde bwana" katatu, ngakhale anafunsa kamodzi. Ntchito ya mwezi ndi mwezi, ine!

Lachitatu m'mawa ndinapita ndi penti yofiira ndi bulashi. Maboti ndinawapeza pa mchenga, atawavundikira mimba kumwamba, poti anali atangowamata phula. Maganizo opempha asodzi kuti awatembenuze anandifikira ndithu. Koma a Zuze ndi anzawo ankasoka maukonde uku akukangana za mpira. Ndinaima pambali, ndinatsokomola kawiri, palibe anacheuka. Kutsokomola kachitatu ndinaona ngati mwano.

Kenaka ndinayang'ana mimba za mabotiwo: zakuda, zotakata, zosalala ngati bolodi ya ku sukulu. Ndinati Mulungu amandikonda. Ndinayeza ndi chingwe, ndinajambula mizere ndi choko kuti chilembo chisapendeke (pa kusamala pokha musandinene), ndipo ndinalemba MCHERE WA MVUU, pambali pake mvuu yonenepa. Masiku awiri, msana ukupsa ndi dzuwa. A Zuze anabwera, anayang'ana nthawi yaitali, nati, "Walemba bwino, mwanangu." Anachoka mapewa akugwedezeka. Ine ndinkati ndi chifuwa.

Lachisanu amai Daka anatsika m'galimoto yodzaza fumbi. A Lungu anali atakonza kuti maboti adutse motsatana pamaso pawo. Anadutsadi, akuda bii. Pamwamba pa madzi pankangooneka timiyendo tinayi tofiira pa boti lililonse, tolozera kumwamba ngati mvuu yafa ndi kutupa.

"Mufana, dzina lili kuti?" anafunsa a Lungu.

"Lilipo, bwana."

"Kuti?"

"Pansi."

"Pansi pa chiyani?"

"Pa madzi, bwana."

Apo ndi pomwe a Zuze anafuula ali m'boti: "Musadandaule, abwana! Nsomba zonse za pende zawerenga, zati mchere wake ndi womwewo!"

Doko lonse linagwa ndi phwete. Ine ndinkayang'ana zala zanga zakumapazi, ndikuyesa kumvetsa kuti dzina lowongoka chonchija lasokonekera pati. Amai Daka anangoti, "Tulutsani limodzi, mulitembenuze." Amuna analikokera pa mchenga nalivundikira, dzina lija mbee, lonyowa, lonyezimira. Amsika anasiya mabenchi awo kudzaona. Ana ankawerenga mokweza. Amai Daka anabisa nkhope m'kansalu kopukutira thukuta, ndipo sindinadziwe ngati akulira ndalama zawo kapena akuseka.

A Lungu sanaseke. Anandilanda bulashi pomwepo: "Usadzakhudzenso penti ya kampani, wamva?" Nthawi iyi ndinayankha kamodzi kokha. Ntchito ija inamira ndi mvuu.

Chimene chimandizunguza mutu ndi chotsatira chake. Pasanathe mwezi, amayi a nsomba ochokera ku Kavalamanja ankafika m'sitolo n'kunena, "Tipatseni uja wa mvuu yomira." Wina akawapatsa mchere wina ankaukankha. Amai Daka, tinamva, anawonjezera ndalama. Ndipo a Lungu atabweranso anali ndi tayi yatsopano ndi zithunzi zomata m'masitolo: mvuu yofiira, miyendo kumwamba. Anauza amalume, ine ndili pomwepo, kuti nzeru imeneyo anaiganiza okha usiku wonse osagona. Ndinatsegula pakamwa, ndinatsokomola kawiri, palibe anacheuka.

Tsono ndinalakwa kapena ndinakhoza? Ngati ndinalakwa, n'chifukwa chiyani mvuu yanga inali pa khoma lililonse? Ngati ndinakhoza, ntchito yanga inapita kuti? Chomwe ndinatolapo n'chochepa: masiku ano munthu akandipatsa cholemba, ngakhale chitseko cha saluni, ndimayamba ndafunsa kuti kumwamba ndi kuti. Amandiyang'ana ngati wamisala, koma ndimafunsabe.