Tabo inamwa madzi mkwatibwi ali m'galimoto

Mpaka lero ndikamva nthungululu za ukwati mtima umandiwawa. Palibe anandilodza ayi, ndinaziputa dala.

Apongozi anga aamuna a ku Hewe, mkulu wa mpingo wosaseka wamba, sanandionepo ngati munthu wanzeru. Ndiye atandipatsa udindo wonyamula mkwatibwi, mng'ono wake wa mkazi wanga, pa ukwati wa mu Disembala, ndinati mpata wodzigulira ulemu ndi umenewu. Vuto linali kagalimoto kanga, komwe pachitunda kankapitiriridwa ndi njinga za kabaza.

Ndinapita kwa mnzanga makaniko pa Rumphi Boma (tonse awiri za galimoto zampikisano tinaphunzira m'mavidiyo a pa foni). Tinamangirira tabo yochotsa pa galimoto ina yangozi. Tabo, kwa osaidziwa, imakankhira mpweya wambiri mu injini kuti izikoka mwamphamvu.

"Koma adada, tabo imafuna mpweya wozizira chomene," anatero mnzangayo. "Tiipatse mphuno yaikulu."

Tinachotsa bokosi la fyuluta yosefa mpweya n'kutsitsa paipi yokokera mpweya mpaka kunsi kwa bampala, komwe kumadutsa kamphepo. M'vidiyo ankatero. Zoti anzathuwo amayenda pa tala pokhapokha sitinaziganizire. Galimoto inayamba kuimba kamluzu, fyuuu! Ndinazungulira Boma lonse popanda chokagula.

Tsiku la ukwati kunacha ndi mvula. Mkwatibwi ndi omuperekeza anakhala kumbuyo, apongozi kutsogolo, Baibulo pamwendo. Tisanafike ku tchalitchi tinapeza kamtsinje kasefukira mumsewu. Madzi ake anali olekeza m'mawondo mwa mwana, ndipo kale ndinkaoloka pomwepo mosavuta.

"Tidikire aphwe," anatero apongozi.

"Musadandaule adada, ili ndi tabo."

Ndinaponda moto. Tabo inagwira ntchito yake mokhulupirika, inakoka zomwe inapeza kukamwa kwa paipi. Gu! Injini inathima pakati penipeni pa madzi.

"Alamu, mwandipha ine," mkwatibwi anayamba kulira.

Anakafika ku tchalitchi pa ngolo yonyamulira fodya, velo ili matope okhaokha, kwaya itamaliza nyimbo zonse zomwe imadziwa n'kuyambiranso. Ine ndinatsala ndikukankha galimoto, suti ili chonyowa. Zitsulo za mkati mwa injini zinapindika, sinadzukenso.

Ku madyerero ndinafika wapansi. Ndinapeza apongozi ataimirira, akuthokoza ophika, akwaya, ngakhale onyamula mipando. Kenako anati, "Yewo chomene kwa mwini ngolo, ndi ng'ombe zake, Bulaki ndi Bantomu." Anthu anaomba m'manja. Ndinadikira dzina langa, ngakhale lotchulidwa monyoza. Anangokhala pansi. Zinandipweteka kuposa injini ija.

Mkazi wanga amati phunziro lake n'lakuti ndizimvera akuluakulu. Mwina. Koma ndikamaiyang'ana galimotoyo pomwe inakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba, ndimaonabe kuti paipi ija tikanangoikweza pang'ono pokha...