Ine ndi Rauta ya Pakhomo Panga

Lolemba
Rauta yayambanso. Nyale yobiriwira mphindi khumi, kenako yofiira, intaneti zii! Tisa, mwana wanga, ali ndi intavyu ya unamwino Loweruka m'mawa, ya pavidiyo, ndi chipatala china cha ku Ndola. Akuti tiitane munthu. Munthu? M'nyumba mwa ine, amene ndakonza makina ku Heavy Industrial Area zaka makumi atatu? Kabokosi kolingana ndi mbale ya ndiwo! Vuto ndi fumbi la kwathu kuno ku Kabwata basi. Ndapukuta, ndauzira. Pofika Lachitatu nkhani yatha.

Lachiwiri
Kuzimitsa. Kuwerenga mpaka makumi atatu. Kuyatsa. Yobiriwira! Ndikulemba pagulu la banja pafoni: "Zatheka, amisiri tilipobe." Uthenga sukupita. Kawotchi kali pambali pake mpaka madzulo.

Lachitatu
Okayikitsa:
– mawaya
– mphaka
– aneba
Ba Mulenga a nyumba yoyandikana akundiitana pampanda: "Shani ba neba, wayifayi yanu yadwala? Bana sibanatambe makatuni." Kani amadyera pomwepa! Ndasintha pasiwedi, yaitali, yanzeru, ndailemba pakapepala. Amake Tisa akolezera mbaula kapepalako. Tsopano palibe akulowa: Ba Mulenga, Tisa, ngakhale ine. Koma chitetezo chokha n'chokhwima.

Lachinayi
Ku msika wa Soweto, kukagula adaputala yatsopano ya magetsi. Wogulitsa: "Iyi ni olijino, ba mudala, siizamivutani." Ndainunkhiza, ndaiyesa kulemera m'dzanja. Mmisiri sapusitsidwa. Kunyumba rauta ikulira ngati udzudzu, kafungo ka pulasitiki wopsa kali gu! Ndabwezeretsa yakale msanga. Amake Tisa: "Chikupsa n'chiyani?" Ndati ndi kwa a Mulenga.

Lachisanu
Kabowo ka kumbuyo kwa rauta, singano ya amake Tisa, kudina. Zonse zafufutika, pasiwedi yolembedwa pansi pa bokosi yagwira. Nzeru ndi zimenezo! Koma kudula kukadalipo.
Ndaimbira akampani, osati kupempha thandizo, kungowadziwitsa. Nyimbo theka la ola. Kenako kamtsikana: "Mwayesako kuzima na kuyasha?" Ine!
Ndazungulira nyumba yonse ndi rauta pachingwe chachitali. Zotsatira za kafukufuku: pazenera la kukhitchini, pamwamba penipeni pafupi ndi malata, siikudula. Shelefu palibe. Khoma likukana msomali, atatu apindika. Tisa akungowerenga manotsi ake, chala m'kamwa.

Loweruka
Teni koloko. Tisa pabalaza, bulauzi yoyera, laputopu patebulo. Ine kukhitchini, ndakwera pampando, manja m'mwamba, rauta ngati chikho cha mpira. Mphindi makumi anayi ndi zisanu! Mapewa moto. Ntchentche yatera pamphuno, ndikuileka. Ba Mulenga akudutsa pazenera: "Ba neba, mupempela?" Kuseri kwa chitseko ndikumva mawu a mwana wanga, osadodoma, mpaka omufunsawo akuseka naye. Nyale yobiriwira mpaka pomaliza!
Watuluka, wandikumbatira miyendo ndikadali pampando: "Dadi, tsikani, zayenda bwino." Misozi yanga ndi ya utsi wa mbaula, wina asanene zina.

Lamulungu
Manja sakukwera. Jekete la kutchalitchi andiveka ndi amake Tisa. Akundimanga tayi, osandiyang'ana: "Mwana anagwiritsa ntchito bandulo ya pafoni yake. Anakuonani pampando paja, anachita chisoni kukuuzani."
Ndatenga Baibulo, ulendo wa kutchalitchi.
Rauta yabwerera pamalo pake, ikudula monga mwa masiku onse. Munthu wa kampani abwera Lachiwiri, wamuitana ndi Tisa. Abwere. Wina ayenera kumusonyeza pokhoma shelefu.